Kucoka ku Tete Kupita ku Maputo pa Ndege: Ndi Makilomita Angati, Nanga Ndi Maola Angati?

Caka catha malume anga a ku Domue anaitanidwa ku Maputo. Mwana wawo wamkazi amene amagwira nchito kumeneko anawapezera tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso, ndipo pofuna kuti nkhalamba isakavutike pa msewu anawagulira tikiti ya ndege. Tikitiyo inabwera pa WhatsApp, pa foni ya mdzukulu wawo. Panalembedwa nthawi ziwiri: Partida 13:50 ndi Chegada 15:40. Malume amacidziwako Cipwitikizi ca kumsika, ndiye ataona mawu akuti Chegada anati, "Apa ndiye akundiuza nthawi yakuti ndifike." Anakwera chapa pa Ulongue m'mawa dzuwa litakwera, nafika pa bwalo la ndege ca m'ma 15:00 akudzitama kuti acita cangu. Pa nthawi imeneyo n'kuti ndege yawo ili kutali kumwera, itawoloka kale mtsinje wa Save. Tsiku la dokotala linapita, ndipo mwana wawo anatulutsanso ndalama zina kuti tikiti isinthidwe.

Mawuwo malume anawawerenga bwino. Chegada ndi kufikadi, kungoti ndi kufika kwa ndege ku Maputo, osati kufika kwa wokwera pa bwalo. Nanunso mawa kapena mkuja mwana, bungwe kapena akunchito angakutumizireni tikiti yotereyi. M'nkhani ino tiona manambala atatu amene anthu amawasokoneza kawirikawiri: kutalika kwa mtunda pakati pa mabwalo awiri, nthawi imene yalembedwa pa tikiti, ndi nthawi ya ulendo wonse kuyambira pakhomo panu. Tengani pensulo ndi pepala, cifukwa tiwerengera limodzi.

Mabwalo awiriwa ali pati?

Bwalo la ndege la ku Tete ndi la Chingodzi. Lili kutsidya kwa Zambezi, mbali ya Matundo, pafupi ndi msewu wa N7 wopita ku Moatize. Ngati mukucokera ku Angonia, ku Tsangano kapena ku Zobue, mumadutsa Moatize n'kufika pa bwaloli musanawoloke mlatho wa Samora Machel. Palibe cifukwa colowera mu mzinda n'kubwereranso. Uzani motolista wa chapa mukamakwera kuti mukatsikira ku aeroporto.

Bwalo la ku Maputo lili ku Mavalane, makilomita ocepa kucokera pakati pa mzinda.

Bwalo lililonse lalikulu pa dziko lapansi lili ndi zilembo zake zitatu. La Tete ndi TET, la Maputo ndi MPM. Zilembozi nthawi zina sizifanana ndi dzina la mzinda: Beira ndi BEW, Nampula ndi APL, Lichinga ndi VXC. Zimalembedwa pa tikiti, komanso pa kapepala kamene amamata pa cikwama canu. Akamata kapepalako, kayang'aneni. Mukaona MPM, dziwani kuti inu ndi katundu wanu mukupita kumodzi.

Mtunda wa mbalame ndi mtunda wa galimoto

Kucoka pa Chingodzi kukafika pa Mavalane, mutati muwongole ulusi osakhota pena paliponse, pali makilomita pafupifupi 1,100. Pa mapepala a Cipwitikizi nambala yomweyi mudzaipeza italembedwa 1.100 kapena 1 100. Ndi imodzimodzi, musadabwe.

Mukhoza kutsimikiza nokha ngati muli ndi mapa ya Mozambique, ngakhale ya m'buku la mwana wa sukulu. Pa mapa pamakhala mizere yopingasa yokhala ndi manambala m'mphepete. Mizere imeneyi imasonyeza madigiri, ndipo kucoka pa digiri imodzi kupita pa inzake, kumpoto kapena kumwera, ndi makilomita pafupifupi 111. Tete ali pafupi ndi mzere wa 16, Maputo ali pafupi ndi mzere wa 26. Kusiyana kwake ndi madigiri 10. Tsono 10 × 111 = 1,110. Mwaona? Tafika pafupi kwambiri ndi 1,100 uja. Masamuwa atheka mosavuta cifukwa Maputo ali kumwera kwenikweni kwa Tete, wangopendekera pang'ono kumadzulo.

Ulusi wanu ukadutsa pafupi ndi Chimoio, n'kuwoloka Save ndi Limpopo m'kati mwa dziko, kutali ndi nyanja ya mcere.

Galimoto siingacite zimenezo. Ikacoka mu Tete imatsata N7 kudutsa Changara, Guro ndi Catandica, n'kukalowa mu N6 kufupi ndi Chimoio. Pa Inchope imakhotera kumwera mu N1, kudutsa Muxungue ndi mlatho wa pa Save. Kucoka pamenepo msewu umalowera kum'mawa kutsata gombe, ku Massinga ndi ku Maxixe, kenako umabwerera kumadzulo kudzera ku Xai-Xai mpaka ku Maputo. Kukhota konseku kumapangitsa kuti mtunda wa pa msewu upitirire makilomita 1,500. Ndiye kuti wokwera machimbombo amayenda makilomita oposa 400 amene wokwera ndege sawaona n'komwe. Amenewa sakusiyana kwambiri ndi kucoka ku Ulongue kupita ku Tete n'kubwereranso.

Ndege nayonso siitsata ulusi ndendende. M'mwambamo muli njira zake zimene oyendetsa amatsata, ndipo anthu a pa nsanja amawauza pokhota ndi potsika. Ponyamuka ndi potera, ndege imayang'ana mbali imene mphepo ikucokera, conco nthawi zina imayamba yalowera kumpoto kenako n'kutembenuka. Zimenezi zimawonjezera makilomita ena pang'ono pa 1,100 uja.

Cenjezo lina ndi ili. Mukafufuza mtundawu pa intaneti, mungaone manambala atatu osiyana: pafupifupi 1,100, pafupifupi 680 ndi pafupifupi 590. Palibe amene akunama. Woyamba ndi makilomita. Waciwiri ndi mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Wacitatu ndi mamailosi a pa nyanja, amene oyendetsa ndege ndi zombo amagwiritsa nchito. Imodzi ndi mamita 1,852. Zili ngati cimanga comweco, wina waciyeza pa lata, wina pa thumba. Nthawi zonse yang'anani zilembo zimene zatsatira nambala. Zathu ndi km.

Masamu a liwiro

Kuti mudziwe nthawi ya ulendo uliwonse, mumagawa mtunda ndi liwiro. Tiyambe ndi za kwathu. Munthu wamanga thumba la mbatata pa njinga, msika uli pa makilomita 30, ndipo iye amapalasa makilomita 10 pa ola. 30 ÷ 10 = 3. Akafika pakatha maola 3.

Nanga machimbombo? Tinene kuti ikuyenda makilomita 60 pa ola, tikaphatikiza malo abwino ndi malo okumbika. 1,500 ÷ 60 = 25. Maola 25 amenewo ndi oyenda okhaokha, osawerengera kuima pa zakudya, pa mafuta, pa apolisi kapena kugona panjira. N'cifukwa cake amene anayendapo ulendowu amakuuzani kuti ananyamuka lero n'kukafika mawa, ena mpaka mkuja.

Tsopano ndege. Zimene zakhala zikunyamula anthu m'dziko muno zilipo za mitundu iwiri. Pali za jeti, monga Boeing 737 ndi Embraer 190, zimene zikakwera m'mwamba zimathamanga makilomita 800 pa ola kapena kupitirirapo pang'ono. Palinso zokhala ndi mapropela, tizitsulo tija timazungulira kutsogolo kwa injini, monga Q400, imene imathamanga makilomita pafupifupi 650 pa ola.

Tengani jeti: 1,100 ÷ 800. Mukadina pa foni, ikupatsani 1.375. Apa ndiye pamene ambiri amagwa. Amawerenga kuti ola limodzi ndi mphindi 37. Ayi ndithu. Foni imagawa ola m'zigawo 100 kapena 1,000, pamene ola lili ndi mphindi 60 zokha. Citani conci: ola loyamba ndege yadya makilomita 800, atsala 300. Ngati makilomita 800 akutenga mphindi 60, ndiye kuti makilomita 100 akutenga mphindi 7 ndi theka. Makilomita 300 atenga mphindi 22 ndi theka. Yankho ndi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 23.

Ya mapropela: 1,100 ÷ 650 ikupatsa 1.69. Tengani 0.69 ija muculukitse ndi 60, mupeza mphindi 41 kapena 42. Ndiye kuti ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 42.

Nanga bwanji tikiti imanena zambiri kuposa pamenepa?

Pa tikiti ya malume, kucoka 13:50 kufika 15:40 ndi ola limodzi ndi mphindi 50. Masamu athu atipatsa ola limodzi ndi mphindi 23. Mphindi 27 zinazo zapita kuti?

Coyamba, nthawi ya pa tikiti imayamba pamene ndege yasuntha pamalo pamene inaima, ndipo imatha pamene yaimanso ku bwalo linalo. Ikasuntha siuluka pomwepo. Imayenda pang'onopang'ono ngati thirakitala kupita kumapeto kwa pista, msewu wake wothamangapo uja, ndipo nthawi zina imadikira cilolezo. Ikatera imayendanso motero kupita poimira. Uku ndi uku zimadya mphindi 10 kapena 15.

Caciwiri, liwiro la 800 ndi la m'mwamba mokhamokha. Jeti imakwera mpaka makilomita 10 kapena 11 kucokera pansi, ndipo kukwerako kumatenga mphindi 20 kapena kuposerapo, ikuyenda pa liwiro locepa. Imakwera conci cifukwa kumwambako mpweya ndi wopepuka, ndege imadutsamo mosavuta ndipo imamwa mafuta ocepa. Kunja kwa zenera kumazizira mpaka madigiri 50 pansi pa ziro, ngakhale mwacoka ku Tete kukutentha ngati pa ng'anjo.

Cacitatu, kutsika nakonso kumafuna nthawi. Woyendetsa amayamba kutsitsa ndege kutatsala makilomita pafupifupi 200, ndipo akamayandikira bwalo amacepetsa liwiro kwambiri. Mukamva m'makutu mwatseka, dziwani kuti kutsika kwayamba. Mezani malovu kapena yasamulani, mutseguka.

Pamwamba pa zonsezi, kampani imaikapo mphindi zocepa zapadera kuti ikacedwa pang'ono isaoneke kuti yaphonya nthawi.

Conco lamulo losavuta ndi ili: gawani mtunda ndi liwiro, kenako muwonjezere theka la ola. Pa jeti, Tete–Maputo imakhala yocepera pang'ono pa maola 2. Pa ndege ya mapropela imapitirira pang'ono maola 2. Munthu akakufunsani, yankho labwino ndi lakuti "pafupifupi maola 2."

Theka la ola limeneli silicepa ngakhale ulendo ukhale waufupi, pakuti ndege iliyonse iyenera kukwera ndi kutsika. Kucoka ku Tete kupita ku Beira ndi makilomita pafupifupi 430. Pa masamu okha ndi mphindi 32, koma pa tikiti mudzapeza pafupifupi ola lathunthu.

Mphepo ndi mvula

Mwina mudzaona kuti popita tikiti ikuti ola limodzi ndi mphindi 50, pobwera ikuti maola 2, koma mtunda ndi womwewo. Kapena tikiti inanena zina, ndege n'kufika msangako. Funsani munthu amene anapalasapo bwato pa Zambezi. Kutsika ndi madzi ndi kukwera molimbana ndi madzi, mtunda ndi umodzi koma thukuta ndi nthawi n'zosiyana. Ndege nayo imasambira mu mpweya, ndipo mpweyawo umayenda.

Tiyerekeze kuti m'mwamba mukuwomba mphepo ya makilomita 80 pa ola. Ikamawomba kutsogolo kwa ndege, 800 − 80 = 720. Ikamakankha kumbuyo, 800 + 80 = 880. Pa liwiro la 720, makilomita 1,100 amatenga mphindi 92. Pa liwiro la 880 amatenga mphindi 75. Kusiyana kwake ndi mphindi 17, ndege yomweyo, woyendetsa yemweyo.

M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malici, kumakhala mitambo ikuluikulu ya mabingu. Woyendetsa salowa m'mitambo yotere, amailambalala, ndipo kulambalalako ndi makilomita owonjezera. Mvula ikakula pa bwalo, ndege imazungulira m'mwamba kudikira kuti ikate, kapena imacedwa kunyamuka. Kumbukiraninso kuti ndege imene idzakutengeni pa Chingodzi imakhala itacokera kwina tsiku lomwelo. Ikacedwa kumeneko, yacedwanso kwa inu. Ngati muli ndi dokotala, mayeso kapena mlandu ku Maputo, pemphani tikiti ya dzulo lake. Kufika tsiku lomwelo n'kuseweretsa mwayi.

Ndege yoima panjira

Pa tikiti zina pamalembedwa mawu akuti escala. Amatanthauza kuti ndege ikaima pa bwalo lina isanafike kumene mukupita. Onani zimene zimacitika ngati ndege yocoka ku Tete yadzera ku Beira. Tete–Beira ndi makilomita pafupifupi 430, Beira–Maputo ndi pafupifupi 720. Pamodzi ndi 1,150. Mtunda wangokula ndi makilomita 50, amene jeti imawamaliza pa mphindi 4. Koma nthawi imakula ndi ola lathunthu kapena kupitirira, cifukwa ndege yatsika kawiri, yakwera kawiri, ndipo yaima pansi kutsitsa anthu ndi kukweza ena.

Escala ili pawiri. Pena mumakhala m'ndege momwemo, kapena mumatsika pang'ono n'kukweranso yomweyo. Pena mumasintha ndege, ndipo pa tikiti pamakhala mizere iwiri, uliwonse ndi nambala yake ya ndege, Partida yake ndi Chegada yake. Kudikira pakati pa ndege ziwirizo kungakhale ola limodzi, kungakhalenso maola 5. Amene akukugulirani tikiti mufunseni mawu awa: "Kodi ndi directo kapena ili ndi escala?" Ndipo ndege ikatera, musathamangire kutsika musanamve dzina la mzinda. Funsani wogwira nchito m'ndegemo kuti, "Kuno ndi ku Maputo?" Palibe amene adzakusekeni.

Kuwerenga tikiti

Tsopano tiyang'ane pepala lenilenilo. Mawu ofunika ndi ocepa.

Partida ndi nthawi imene ndege ikunyamuka. Pa tikiti ya Cingelezi amalemba Departure. Iyi ndiyo nambala yanu yaikulu. Izungulizeni ndi pensulo.

Chegada ndi nthawi imene ndege ikafike uko. Pa Cingelezi ndi Arrival. Nambala imeneyi ndi ya munthu amene akukakucingamirani. Mutumizireni iyeyo.

Voo ndi nambala ya ndege yanu, zilembo ziwiri ndi manambala. Za kampani ya LAM zimayamba ndi TM. Pa bwalo akamaitana anthu amachula nambala imeneyi.

Check-in ndi pa tebulo pamene mumaonetsa tikiti ndi BI kapena pasipoti, n'kupereka katundu kuti amuyeze pa sikelo. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa BI, cilembo ndi cilembo. Onani zimenezi tsiku limene tikiti yafika, osati tsiku la ulendo. Tebuloli limatsekedwa nthawi ya Partida isanakwane, ndipo likatsekedwa, ngakhale ndege mukuiona ndi maso pa zenera, simukwera.

Embarque ndi nthawi yolowa m'ndege. Imalembedwa pa kapepala kamene amakupatsani pa check-in, ndipo nayonso imakhala patsogolo pa Partida.

Nthawi zonsezi zimalembedwa pa mawerengedwe a maola 24, monga pa wailesi. Ena amalemba 13:50, ena 13h50, ena 1350. Nambala ikapitirira 12, cotsani 12: 13:50 ndi 1:50 masana, 18:30 ndi 6:30 madzulo. Koma 06:30 ndi m'mamawa. Ziro wa kutsogoloyo musamuderere.

Pofuna kudziwa kutalika kwa ulendo, musacotse ngati mukuwerenga ndalama. Mukalemba 1540 − 1350 mupeza 190, n'kuganiza kuti ndi ola limodzi ndi mphindi 90, kapena mphindi 190. Zonsezo n'zolakwa. Yendani ngati mukudumpha miyala pa mtsinje. Kucoka 13:50 kufika 14:00 ndi mphindi 10. Kucoka 14:00 kufika 15:00 ndi ola limodzi. Kucoka 15:00 kufika 15:40 ndi mphindi 40. Phatikizani: ola limodzi ndi mphindi 50.

Njira imeneyi imagwira bwino m'dziko lonse la Mozambique, pakuti kuyambira ku Lichinga mpaka ku Maputo wochi ndi imodzi. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa alinso pa nthawi yomweyi. Koma Tanzania ndi Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo tikiti imalemba nthawi ya kumalo kumene ndege yatera. Mukadzapita kumeneko, mudzacotse ola limodzi pa yankho lanu.

Werengerani cobwerera m'mbuyo

Tafika pa nambala yacitatu, imene siilembedwa pa tikiti iliyonse: kodi pakhomo mucoke nthawi yanji? Yambirani pa Partida n'kumabwerera m'mbuyo.

Partida ndi 13:50. Mufike pa bwalo kutatsala maola 2, makamaka ngati ndi ulendo wanu woyamba. Ndiye kuti 11:50 mukhale muli pa Chingodzi.

Kucoka ku Ulongue kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 230. Chapa imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, pena kumanga matumba, pena kudikira cenji. Ipatseni maola 5. Kucoka 11:50 kubwerera m'mbuyo maola 5 ndi 06:50. Imeneyo ndi nthawi yakuti chapa ikhale itanyamuka.

Koma chapa siinyamuka isanadzaze, mukudziwa nokha. Ikani ola lina. Ndiye kuti 05:50 mukhale muli pokwerera. Ngati kwanu ndi kumudzi, kutali ndi Ulongue, wonjezeraninso nthawi ya njinga kapena ya mota. Mukaona kuti masamu akukufikitsani pa nthawi imene tambala sanalire, yankho lake ndi limodzi: nyamukani dzulo lake, mukagone kwa acibale ku Moatize kapena ku Tete. Ngati Partida ndi ya m'mawa, musawerengere n'komwe, kagoneni pafupi basi.

Tsopano werengerani kutsogolo. Chegada ndi 15:40. Kutsika ndi kudikira cikwama, ikani theka la ola: 16:10. Bwalo la Mavalane lili pafupi ndi mzinda, koma madzulo misewu ya ku Maputo imadzaza, ndipo ngati mwana wanu amakhala ku Matola kapena ku Zimpeto, ola likhoza kutha muli m'galimoto. Mukafika pakhomo ca m'ma 17:10.

Kucoka 05:50 kufika 17:10 ndi maola 11 ndi mphindi 20. Ulendo uja anthu amati ndi wa maola 2, kwa munthu wa ku Angonia ndi wa tsiku lathunthu, ndipo theka lake lathera pa makilomita 230 oyambirira. Mutenge kamba wa panjira, mankhwala anu akhale m'cikwama ca m'manja, ndipo foni ikhale ndi moto ndi kredito.

Kodi ndiye kuti ndege ilibe phindu? Ili nalo. Pa msewu, maola 25 aja muwonjezerepo 6 a ku Ulongue, kuima ndi kugona panjira, mupeza kuti apitirira maola 30. Tikiti ya ndege imadula kangapo kuposa ya machimbombo, ndipo katundu amene mungatenge ali ndi malire a makilogalamu olembedwa pa tikiti pomwepo. Wonyamula matumba a nyemba, msewu ndi wake. Wodwala, wokalamba, kapena amene wamva uthenga wa maliro, maola 20 amene ndege imapulumutsa ndi ambiri. Cofunika n'cakuti poyerekeza, muyerekeze khomo ndi khomo.

Malume anapita ulendo waciwiri patatha milungu itatu. Anagona ku Moatize kwa mphwawo, ndipo 11:30 anali atakhala kale pa benci pa Chingodzi, cipewa pa bondo. Atabwerako ndinawafunsa za ulendowo. Anati, "Mphwanga, chapa ija ndiye ulendo. M'ndegemo ndinangomanga lamba, kumwa madzi, kuwodzera pang'ono, basi akuti tafika." Diso lawo lamanzere tsopano likuona, ndipo tikiti ya pobwerera anaiwerenga okha.

Yesani nokha

1. Kucoka ku Lichinga kupita ku Maputo mowongoka ndi makilomita opitirira pang'ono 1,400. Tengani 1,400. Jeti yothamanga makilomita 800 pa ola, yosaima panjira, itenga nthawi yaitali bwanji? Musaiwale theka la ola lija.

2. Tikiti ikuti Partida 09:35, Chegada 11:45. Ulendowu ndi wa maola ndi mphindi zingati?

3. Ndege yanu inyamuka pa Chingodzi 16:20. Kucoka kwanu kufika pa bwalo ndi maola 3, kuphatikizapo kudikira chapa. Pakhomo mucoke nthawi yanji?

Mayankho

1. 1,400 ÷ 800 = 1.75. Ndiye 0.75 × 60 = mphindi 45. Ola limodzi ndi mphindi 45, kuwonjezera mphindi 30, ndi maola 2 ndi mphindi 15.

2. Kucoka 09:35 kufika 10:00 ndi mphindi 25. Kucoka 10:00 kufika 11:00 ndi ola limodzi. Kucoka 11:00 kufika 11:45 ndi mphindi 45. Mphindi 25 ndi 45 ndi 70, kumene kuli ola limodzi ndi mphindi 10. Zonse pamodzi ndi maola 2 ndi mphindi 10.

3. Pa bwalo mufike 14:20. Kubwerera m'mbuyo maola 3, pakhomo mucoke 11:20.